Tsiku Limene Ndinakankha Jose Wolakwika

Ndinachoka kwathu kwa Tengani madzi atatidyera mapira zaka ziwiri zotsatizana. Zipani zinali zitachuluka kale, ndipo aliyense wobwera pa galimoto ankatilonjeza kuti njala yatha, koma pakhomo panga tinkadya nyika, timizu ta m'madzi timene mkazi wanga ankakazula kudambo, madzi ali m'chiuno, maso ali pa ng'ona. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Esinati, anali asanafike ndi sitandade 4 yomwe. Ndinawauza kuti ndikakhala zaka ziwiri basi. Ndinakhala zoposa khumi.

Amene anandiitana ku Joni ndi Mofati, Mmang'anja wa kwa Lundu, amene tinkadula naye nzimbe ku Nchalo tisanakwatire. Za ulendowo ndimangokumbuka fungo la matayala pamwamba pa lole, mlatho wa ku Tete, ndi ludzu la pachipata cholowera m'dzikolo. Mofati anandilandira m'hositelo ya amuna okhaokha, chipinda chimodzi anthu asanu ndi mmodzi, mbaula yamagetsi imodzi. Kuzizira kwa kumeneko kunandigwetsa mwezi woyamba. Ine wobadwira kuchigwa, kumene dzuwa limayasamitsa nkhuku kukamwa, ndinkagona nditavala mabuluku awiri. Mofati ankandifunditsa jekete lake, iye n'kupita kuntchito ndi juzi yokha.

Ndinayamba ndi maganyu otchetcha kapinga ndi kusenza njerwa. Kenako Mofati anandilowetsa kumene ankagwira iye, kukampani ina imene inkapereka anthu okankha odwala pachipatala china chachikulu mumzindamo. Pemiti yanga inali itatha kalekale. Kapitawo ankadziwa, ndipo zinkamukomera, chifukwa munthu wopanda mapepala sadandaula. Tinalipo angapo otere, kuphatikizapo Mofati.

"Mbale wanga," anandiuza tsiku loyamba tikuvala maovolosi, "kuno tinabwera ndi manja. Pakamwa tinasiya ku Chikwawa. Akati bedi lakuti, iwe kankha. Ukaona kanthu, sunaone. Ndipo wina akakufunsa kwanu, uziti ndiwe wa kumpoto kwa dziko lomwe lino."

Ndinamumvera. Ndinaphunzira Chizulu chothyokathyoka, ndinakankha anthu kupita kojambula mafupa, kufiyeta, ndi ena kumochale. Zochepa zimene ndinkapeza ndinkapatsira madalaivala a mabasi, ndipo mkazi wanga ankandiuza pafoni kuti njerwa zaotchedwa, malata afika, Esinati wakhoza mayeso. Zaka zinadutsa choncho. Pachipatalapo panalibe amene ankadziwa kuti ndimayankhula Chisena.

Chipatalacho chinali chophunzitsirapo madokotala, ndipo ophunzira tinawazolowera. Ankayenda m'magulu kumbuyo kwa madokotala akuluakulu, ife osationa n'komwe. Koma chaka china aphunzitsi awo anawapatsa ntchito yachilendo. Wophunzira aliyense anauzidwa kuti asankhe chinthu chimodzi chimene chingavulaze wodwala pachipatalapo, achilondole, ndipo anene mmene chingakonzedwere. Wina anasankha kusamba m'manja, wina mankhwala osokonezeka m'makabati. Mtsikana wina wa chaka chachisanu, dzina lake Thandeka, anasankha ulendo wa wodwala kuchokera kuwodi kukafika kufiyeta. Ndiye kuti anasankha ife.

Anayamba kutitsatira ndi kabuku m'manja. Ankafunsa mafunso osatha. Akupatsani chiyani pokutumani? Mumadziwa bwanji kuti munthu ndi yemweyu? Akapanda kumva Chingelezi mumatani? Anzanga ankati ndi kazitape wa mabwana. Mofati akamuona akubwera ankakhotera kuchimbudzi. Ine ndinkangoyankha "inde, dokotala" ndi "ayi, dokotala," ndipo iye ankaseka n'kunena kuti sanakhale dokotala.

Tsiku limene ndikunenali, m'mawa anthu anali otanganidwa. Asisitala a m'wodi ya amuna anandiponyera kapepala osandiyang'ana.

"Bedi 12, Jose, kufiyeta. Akudikira kale, fulumira."

Pabedipo panagona bambo wachikulire pang'ono, wakuda bii, mwendo wakumanzere uli m'mabandeji. Padzanja panalibe kalamba kolembedwa dzina, chifukwa timalambato tinali titatha sabata imeneyo. Ndinati, "Jose?" Anagwedeza mutu. Fayilo inali pamalo pake kumapazi a bedi. Ndinamasula mabuleki n'kuyamba kukankha, Thandeka ali pambuyo panga ndi kabuku kake.

Tili m'chikepe, bamboyo anayamba kuyankhula yekha motsitsa mawu. Ndinamva ngati wina wandithira madzi kumsana. Chinali Chisena, chenicheni cha kwathu, cha tsidya lija la malire. Ankapemphera kuti chilonda akachitsuke bwino, abwerere kuntchito asanamulembere wina m'malo mwake.

Ndinayang'ana kapepala kaja. Chingelezi changa n'chochepa, koma mawu amene analembedwapo ndinkawadziwa, chifukwa ndinali nditakankha anthu ambiri amene anabwerera kuwodi bulangeti litaphwa mbali imodzi. Anali mawu odula mwendo.

Ndinakhala chete chikepe chikukwera. Ndinadziuza kuti mwina sanamuuze bwino. Mwina akudziwa koma akudzinamiza. Kufiyeta kuli madokotala ophunzira kwambiri, akaona okha. Mtsikana wa kabuku anali pafupi nane, phewa ndi phewa, ndipo ndikangotsegula pakamwa m'Chisena akanadziwa kuti sindine wa kumpoto kwa dziko lawo.

Chitseko chinatseguka. Kuchokera pachikepe kukafika pakhomo la fiyeta panali khonde lalitali. Ndinakankha pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Pakati pa khondelo ndinawerama ngati ndikukonza pilo.

"Baba," ndinatero m'Chisena, "mukupita kukatani uku?"

Anadzidzimuka n'kundigwira dzanja. Anati chitsulo chinamugwera kumalo omanga nyumba, chilonda chatukusira, ndipo dokotala wa dzulo anamuonetsa ndi manja kuti akachitsuka.

"Muli ndi matenda a shuga?"

"Nkhabe," anakana.

"Dzina lanu lonse ndinu yani?"

"Zuze Semba. Wa ku Mutarara. Kuno amangoti Jose."

Pafayilo panalembedwa Jose Mabunda.

"Chimenecho ndi chilankhulo chanji?" anafunsa Thandeka. Anali atasiya kulemba.

Ndinaponda buleki ya bedi.

"Dokotala," ndinati, "munthu uyu si ameneyu."

Anatenga fayilo, anawerenga, anayang'ana dzanja lopanda kalamba. Anandiuza kuti ndimufunsenso dzina ndi chaka chobadwa. Ndinafunsa. Sizinagwirizane. Nthawi yomweyo namwino wa kufiyeta anatulukira pakhomo akutikodola mwaukali, kuti tikuchedwetsa anthu.

Thandeka anapita kukaima kutsogolo kwa bedi. Anali wamfupi, wochepa thupi. Anauza namwinoyo kuti bedi silidutsa pakhomopo mpaka titsimikize. Namwino anati fayilo ili bwino, chilolezo chinasainidwa dzulo, mwendo ndi wakumanzere ndipo ndi umenewu uli m'mabandejiwu. Anagwira chitsulo cha bedi kuti alikoke yekha. Ine sindinachotse phazi pabuleki.

Dokotala wa opaleshoni anatuluka atavala kale chophimba pakamwa. Anali mkulu woopedwa, ndipo wodwalayo anali asanamuonepo, chifukwa amene anamuyeza kuwodi anali wina.

"Waimitsa ntchito yanga ndani?"

"Ndine," anatero Thandeka. "Ndine wophunzira wa chaka chachisanu." "Wodwalayu akuti dzina lake ndi Semba, ndipo alibe shuga. Fayilo ndi ya Mabunda."

"Akuti kwa yani? Samva Chingelezi."

Thandeka anatembenukira kwa ine. Onse anatembenukira kwa ine.

"Kwa ine, bwana. Ndimamva chilankhulo chake."

Dokotalayo anandiyang'ana nthawi yaitali, kuchokera kumaso mpaka ku nsapato. Kenako anauza namwino kuti amasule mabandeji ndipo aimbe foni kuwodi. Namwino anamasula bandeji lonse. Chilonda chinaonekera: chotupa, chonunkha, koma zala zake zinali zamoyo, zikugwedezeka. Foni inabwera ndi yankho. Jose Mabunda, Mshangani wa shuga amene phazi lake linali litada, anali cha pawindo, osadya kuyambira dzulo, akudikira. Anawasinthanitsa malo m'mawa kwambiri chifukwa Mabunda ankafunika mpweya wa pakhoma, koma mafayilo anatsala pamabedi akale.

Dokotala anavula chophimba pakamwa. Anangoti, "M'bwezereni kuwodi," n'kulowa.

Anthu ena anati mkatimo akanazindikirabe asanadule. Mwina n'zoona. Ine sindidziwa, ndipo amene ankanena zimenezo sankadziwanso.

Mofati atamva anakhala pansi pabedi lake ku hositelo n'kugwira mutu.

"Wayankhula Chisena pamaso pa mabwana."

"Akanamudula mwendo."

"Sindikukana. Koma tsopano dzina lako lili m'mabuku mwawo. Ukuganiza kuti zithera pomwepo?"

Sizinathere pomwepo. Patapita masiku angapo Thandeka anandipeza kumalo ochapira mabedi. Anati kukhala msonkhano wa akuluakulu oona za chitetezo cha odwala, ndipo lipoti la kuwodi likunena kuti wokankha ndiye analakwitsa potenga wodwala osafunsa. Anati akufuna ndikafotokoze ndekha mmene zimakhalira.

"Sindingathe, dokotala."

"Mukapanda kubwera, mlandu ugwera inu, ndipo palibe chisinthe. Mawa zichitikira wina amene sadzapeza womumva."

"Inu mukamaliza maphunziro muzipita. Ine ndili ndi mwana kusukulu."

Sindinamuuze za pemiti, ndipo iye sanaziganizire n'komwe. Anali mwana wa m'dzikomo, zoterezi sankazidziwa. Kapitawo nayenso anandiitana n'kunena kuti ndikapita kumsonkhanoko ndingovomera kulakwa, andidula malipiro a masiku awiri, nkhani ithe.

Ndinapita. Mpaka lero sindinganene bwinobwino chimene chinandipititsa. Mwina ndi a Semba, amene ndikadutsa m'wodi ankandiitana n'kundigwira dzanja, akubwereza kuthokoza m'Chisena, "takhuta, takhuta," ngati palibenso mawu ena.

Chipindacho chinali ndi tebulo lalitali. Ndinakhala kumapeto, ovolosi yanga ikununkha mankhwala ochapira. Asisitala a kuwodi anayankhula poyamba, ndipo ananena kuti wokankha amayenera kufunsa. Ndinaona kuti nawonso anali ndi mantha. M'mawa umenewo anali awiri okha m'wodi yodzaza. Kenako Thandeka anaimirira ndi kabuku kake. Sanaloze munthu chala. Anafotokoza zimene anaona masabata onse amene anatitsatira: kuti timatumidwa ndi nambala ya bedi, kuti timalamba tikatha palibe amene amathamangira, kuti mlendo wodwala amagwedeza mutu pa dzina lililonse chifukwa amaopa kuoneka wovuta, kuti wokankha akakayika alibe womuuza. Dokotala wina anamudula mawu, nati wophunzira asaphunzitse anthu ntchito. Mphunzitsi wake anayankha kuti anamutuma ndi iyeyo, ndipo apitirize.

Atandifunsa ine, ndinanena zoona. Ndinati ndinafunsa "Jose?" basi, monga ndinkachitira zaka zonse. Ndinati m'chikepe ndinadziwa, koma ndinakankhabe mpaka pakati pa khonde chifukwa cha mantha.

"Mantha a chiyani?" anafunsa dokotala wa opaleshoni uja.

"Munthu wokankha bedi saimitsa dokotala, bwana."

Analemba kanthu papepala lake. Sanandifunsenso.

Zinthu zinasinthadi. Wodwala anayamba kutchula yekha dzina lake, osati kugwedeza mutu. Wopanda kalamba sankatuluka m'wodi. Akuluakulu anatiuza pamaso pa anamwino onse kuti wokankha ali ndi ufulu woimitsa bedi. Ophunzira anzake a Thandeka anayamba kulemba mayina a antchito odziwa zilankhulo za alendo, kuti aziitanidwa kukamasulira.

Pamenepo m'pamene panandigwetsa. Thandeka, pofuna kundithokoza, anapempha kuti chipatala chindilembe ntchito mwachindunji, ndizimasulira. Anabwera akumwetulira ndi fomu m'manja. Ofesi inafuna mapepala anga kukampani ija. Eni kampani ataona kuti chipatala chayamba kufunsa, anachita mantha, ndipo Lachisanu lomwelo anatichotsa tonse amene mapepala athu anali otha. Tinali asanu ndi awiri. Mofati anali atagwira pamenepo nthawi yaitali kuposa tonsefe.

Thandeka anandipeza pachipata ndikutuluka ndi kathumba kanga. Misozi inali mbwee.

"Sindinadziwe. Bwanji simunandiuze?"

"Mukanatani, dokotala?"

Ndinamuuza kuti asasiye zimene anayamba, ndipo ndinkanena zochokera mumtima, ngakhale mtima womwewo unali ukumuwawira.

Mofati sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Anangosiya kundiyankhula. Tinagona chipinda chimodzi milungu itatu, aliyense akuphika zake. Tsiku lina ndinabwera kofuna ganyu n'kupeza bedi lake lili lokha. Anzathu anati wapita kuminda ya zipatso kumwera. Sindinamuonenso. Nditabwerera kuno ndinapita kwa Lundu kukafunsa abale ake, ndipo anati amaimba foni mwa apo ndi apo, koma za kubwera sanena.

Ine ndinapirira miyezi ingapo, kenako ndinakwera basi.

Kwathu ndinakupeza kwina. Mudzi unali utasamukira kumtunda madzi atakokolola nyumba za kumunsi. Amayi anga anali atamwalira, ndipo manda awo anandionetsa ndi mlongo wanga. Mkazi wanga anali atayamba geni ya nsomba zouma pa Bangula, ndipo ankagamula zinthu osandifunsa, sindikumunena, anazolowera. Esinati ndinamupeza ali mayi wamkulu, akuphunzira unamwino. Anandigwadira, anandipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi, n'kubwerera kukhitchini. Miyezi inatha tikungopatsana moni.

Nthawi imeneyo sukulu ya Esinati inali itamutumiza kukaphunzira ntchito pachipatala china kuchigwa konkuno, chimene sinditchula. Loweruka lina anabwera kunyumba masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanadye. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikukonza njinga pamene ndinamumva akuuza amayi ake pansi pa msawu. Mwana wina wa malungo m'wodi ya ana anabayidwa kwinini kawiri, chifukwa namwino woyamba sanalembe papepala, ndipo wolowa m'malo mwake anabayanso. Mwanayo anakomoka, anatsitsimuka ndi diripi. Esinati anaona zonse. Asisitala anamuuza kuti mwana wachira, nkhani yatha. Asisitala omwewo ndi amene ankasaina buku lake la maphunziro. Ndipo Lolemba m'mawa kunali msonkhano umene ophunzira anauzidwa kuti ali ndi ufulu wonena chilichonse chimene aona.

"Khala chete, mwanawe," anatero amayi ake. "Watsala pang'ono kumaliza. Tavutika nawe kokwanira."

Ndinapukuta manja n'kupita kukakhala pamphasa. Ndinali ndisanawauzepo chifukwa chenicheni chimene ndinabwerera. Ankadziwa kuti ntchito inatha basi. Tsiku limenelo ndinafotokoza zonse, za a Semba, za Thandeka, za msonkhano, za Mofati ndi anzathu asanu aja. Sindinakometse paliponse.

Esinati anandiyang'ana m'maso, mwina koyamba chibwerereni.

"Ndiye mukuti nditani, ababa?"

"Sindikukuuza chochita. Ndikungokuuza mtengo wake."

"Zikanabwereranso, mukanachita chimodzimodzi?"

"Bedi ndikanaliimitsa. Za kumsonkhano sindikudziwa. Masiku ena ndimati inde. Ndikakumbuka Mofati ndimati ayi."

"Koma Mabunda ndi Semba sanasokonezedwenso."

"Iwo ayi. Ndi ena obwera pambuyo pawo."

Amayi ake anaimirira n'kulowa m'nyumba, chitseko chinamveka.

Lolemba ndinamukweza panjinga kusanatenthe. Njira yonse sindinamufunse zimene waganiza. Pachipata anatsika, anakonza yunifolomu yake, analowa osacheuka. Ndikanatha kubwerera, koma ndinatsamiritsa njinga pamtengo wa nimu pafupi ndi amayi ogulitsa mbatata yophika, n'kukhala pamwala. Ndinaona odwala akubwera pa ngolo za ng'ombe ndi pa kabaza. Dzuwa linakwera. Nthawi iliyonse munthu wovala zoyera akatulukira pakhonde, ndinkaimirira kuti ndione ngati ndi iye.

Anatuluka cha m'ma 12. Anaima pachipata akuyang'ana uku ndi uku, ndipo atandiona anadabwa kuti ndikadali pomwepo. Anabwera pang'onopang'ono. Maso anali ofiira.

"Ndanena," anatero.

"Ndiye?"

"Sindinatchule munthu. Ndangofotokoza mmene zinachitikira, kuti mapepala a mankhwala amakhala kuofesi, kutali ndi mabedi. Adokotala akuti kuyambira mawa pepala lizikhala pabedi la mwana, ndipo wobaya azilemba asanachoke. Andipatsa ine ndi anzanga awiri kuti tiziona ngati zikutsatidwa."

"Nanga asisitala?"

"Sakundiyankhula. Buku langa alibweza osasaina."

Ndinagula mbatata ziwiri, imodzi ndinamupatsa. Anakhala pamwala pomwepo pambali panga, yunifolomu yoyera ili pafumbi, n'kuyamba kusenda.

"Akandibweza chaka, amayi mukawauza ndinu," anatero.

"Ndikawauza."

Anadya theka, theka linalo anandipatsa. Kenako anaimirira, anasasa fumbi, n'kunena kuti ana a m'wodi akudikira mankhwala a masana.

"Mudzanditenge 5 koloko, ababa."

Ndinati ndidikira pomwepa.